Chigumu cha Amayi

Achimwene anga a Vincent akayamba kukamba za kwathu ku Mavwere, mungayese anakulira m'paradaiso. Pa foni sankafunsa za mvula kapena za denga lodontha. Nyimbo inali imodzi: chigumu cha amayi. Ati buledi wa ku Lilongwe komwe amakhala ndi thonje, munthu umangotafuna mpweya.

Chigumucho chinalidi chokoma, sindikana. Mgaiwa, nthochi zakupsa mpaka kuda makoko, kasoda pang'ono, mphika woyalamo masamba a nthochi, pachivindikiro makala a zitsononkho. Koma manja okanya anali anga. Ndinasiyira sukulu panjira kuti ndiziphika n'kukagulitsa kwa matenanti a pa esiteti ya fodya, achimwene azipita kusukulu atavala nsapato. Amayi ankangosonkhezera moto. Achimwene ankapeza chitaphulidwa kale.

Pomwe ankabwera pa Khirisimasi ndi akazi awo a Princess, amayi anali atayamba kunjenjemera manja, supuni yeniyeniyi inkawapulumuka. Anandinong'oneza kukhitchini: "Usamuuze, mwanawe. Asadziwe kuti ndatha." Ndinaphika ine, amayi n'kunyamula mbale.

Achimwene analuma, natsinzina, misozi n'kulengeza.

"Ichi ndiye chakudya! Iwe Luwiza, zaka zonsezi uli pakhomo pano, osaphunzirako? Ntchito kudya basi."

A Princess anaseka mpaka kutsamwa. Mtima unandiwira, koma amayi anandiyang'ana ndi maso opempha, ndiye ndinangotola mbale n'kubwerera kukhitchini.

M'mawa mwake nkhani inatuluka. Ati amayi akuvutika kumudzi, akakhale kutauni, kufupi ndi chipatala. Koma choyamba kulowa m'galimoto unali mphika uja, kenako thumba la mgaiwa ndi mkoko wa nthochi. Amayi analowa pomaliza.

Apo sindinapirire. Ndinanena poyera kuti wophika ndine, kuyambira kalekale.

"Nsanje idzakupha iwe," anatero achimwene. "Mpaka kuwanamizira amayi ako?"

Amayi anangoti zii, nkhope pansi. Sindiwada. Mwana wawo wamwamuna anali asanawafunepo chonchi.

Mwezi usanathe, foni inalira ndili kumunda. Anali achimwene. "Pita pa Boma, amayi akubwera pa minibasi. Kuno sakuzolowera."

Ndinawapeza pa depoti atakhala pansi pafupi ndi ootcha chimanga, kondakitala atawatsitsa kalekale. Anali atawonda, dzanja lamanja lokulungidwa kansalu. Anapsa ndi makala a pa mbaula. Anandiuza kuti anayesa kangapo, chigumu chinkatuluka chachiwisi m'kati, mpaka mpongozi wawo anachiponyera galu iwo akuona.

"Nanga mphika uli kuti?" ndinafunsa.

"Atsala nawo. Ati mwina wantchito aphunzira."

Madzulo achimwene anaimbanso. Za dzanja sanafunse. Mawu awo anali achisoni, ngati kuti olakwiridwa ndi iwowo.

"Zakumudzi zinatha, Luwiza. Kulibenso chobwererera kumeneko. Ngakhale amayi aiwala kuphika."

Foni yanga imangolankhula mokweza, poti sipika ya kukhutu inawonongeka. Amayi anali pomwepo pamkeka, ndikuwadyetsa phala. Anatseka pakamwa, supuni ili m'malere, ndipo tsiku limenelo sanadyenso.