Ulimba wa pa ukwati wa Jesinta

Galimoto la akwati litangotulukira pa mlambe, mudzi wonse unakhamukira kumsewu. Nthungululu, fumbi, ana kupondana! Koma Lorenso, bambo wa mkwatibwi, anali kuseri kwa nyumba akuvundukula madengu.

"Amake Jesinta! Timitengo tanga toimbira ulimba mwabisa kuti?"

"Tili komwe tili," anayankha Evelesi, mkazi wake. "Mwaiwala mawu a dokotala?"

Kuiwala ayi. Chaka chatha anamuchotsa impso chifukwa cha khansa. Dzanja lamanja litayamba kutupa, mkuluyu ankalimbikira kuti ndi munga wa nsomba ya nkholokolo, n'kumalithowa ndi madzi otentha miyezi itatu yathunthu. Kuchipatala anamuuza kuti khansa ija yafika m'mafupa a dzanja, ndipo fupa lafumbwa moti likhoza kuthyoka ndi kugogoda kokha. Koma munthu woimbira maukwati a ana a eni kwa Ndamera konse angakhale bwanji chete pa ukwati wa mwana wake mmodzi yekhayo?

Timitengo tija anatipeza titatsomekedwa kudenga la khola la mbuzi. Anathamanga ngati mnyamata, n'kukhala pa ulimba, mangolongondo aakulu oimba anthu atatu, pakati pa anzake awiri.

"Lorenso wafika! Lero kufa munthu!" anthu anakuwa.

Lamanzere linayamba bwino. Lamanja litangomenya kamodzi, ululu unamulasa mpaka m'khosi, kamtengo n'kugwera m'fumbi. Lorenso anawerama, manyazi ndi chisoni zitamugwira pamodzi.

Mkwatibwi amayenera kukhala chozyolika, osaseka, osasuntha. Koma Jesinta anakwinya chovala chake choyera, nadumpha mphasa ya mphatso, n'kutola kamtengo kaja.

"Iwe, ukutichititsa manyazi kwa apongozi!" anatero azakhali ake.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, azakhali. Baba, sunthani. Inu kumanzere, ine kumanja."

"Udziwa chiyani iwe za ulimba?"

"Mukapita kudimba, mumayesa unkalira wokha?"

Anayamba mopunthwa, kenaka nyimbo inagwirana. Mayi ake a mkwati ndiwo anayamba kuvula nsapato n'kulowa m'bwalo, khamu lonse pambuyo pawo. Evelesi anabwera akulira, namanga dzanja lotupa lija pachifuwa pa mwamuna wake ndi mpango wakumutu.

Lorenso anaseka misozi ili chuchuchu.

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'chiyankhulo chakwawo. "Ukachoka mawa, ulimbawu ukwere nawe galimoto."