Kafue Atalankhula pa Mpikisano

Charity Mbewe anali m'chaka chachiwiri payunivesite ya ku Riverside, ku Kitwe, pamene anam'sankha kukalankhula pa mpikisano wa zachilengedwe. Mphunzitsi wake anamulangiza kuti asangoyala mfundo. "Upatse mtsinje pakamwa, udandaule wokha ngati munthu."

Bambo ake, a Simeon, ankagwira ntchito padamu la madzi oipa a mgodi wina. Tsiku lina la mvula anabwera kunyumba nkhope ili gwa, nauza banja lawo akudya kuti akuluakulu anawalamula kutsegula mpope, madziwo n'kutsikira kumtsinje. Nkhaniyo sanaibwerezenso. Charity anaiika m'mawu a mtsinje, poganiza kuti palibe wakwawo amene adzamve.

Lachisanu, cha m'ma 14 hours masana, anaima kutsogolo kwa holo.

"Ine ndine Kafue," anayamba. "Ndinasambitsa agogo anu, inunso ndinakumwetsani. Lero nsomba zanga zikuyandama mimba zili m'mwamba."

Apo m'pamene Charity anaona bambo ake kumbuyo, atavala jekete lakutchalitchi, amayi ake a Petronella ali pambali. A Simeon anali atasinthana shifiti ndi mnzawo kuti adzamve mwana wawo. Pafupi nawo panali amayi ena a kwaya ya kuparishi.

Charity akanatha kudumpha ndime yotsatirayo. Koma holo yonse inali ikumvetsera iye, ndipo ndimeyo ndiyo inali yokoma kuposa zonse.

"Wondithira poizoni ndimam'dziwa," anapitiriza. "Dzanja lake lamanzere lili ndi chala choduka. Lamlungu amaimba m'kwaya, Lolemba amatsegula mpope."

A Simeon analowetsa dzanja lamanzere m'thumba la jekete pang'onopang'ono. Mmodzi wa amayi a kwaya anawacheukira, kenako n'kuyang'ana pansi.

Charity anapambana. Panja, anzake atatha kum'kumbatira, anapita kwa makolo ake chikho chili m'manja.

"Walankhula bwino, mwanawe," anatero a Simeon. "Koma sunanene kuti ndinayamba ndakana."

"Atate, sindinali kunena inu. Unali mtsinje ukulankhula."

"Mtsinje sudya nafe patebulo."

A Petronella anangokonza chitenje chawo. "Tiyeni, a Mbewe, minibasi itisiya."

Lamlungu lotsatira a Simeon sanakhale ndi kwaya. Anakhala pabenchi lakumapeto, ndipo anatuluka Misa isanathe. Charity anamva zimenezi kwa amayi ake pafoni, chakudya n'kumukanika tsiku lonse. Chikho chija anachikankhira pansi pa bedi kuhostelo.

Opambana anaitanidwa ku Ndola kukapikisana ndi masukulu ena. Charity anachotsa ndime ya chala, mtsinje n'kumangodandaula za anthu onse. Anthu anamuwombera m'manja mwaulemu, koma iye sanapambane.

Ali pasiteshoni kudikira basi yobwerera, anaimbira bambo ake.

"Atate, ndagonja. Zija ndinazichotsa. Ndikhululukireni."

Kumbali kwawo kunkamveka injini ya pampu.

"Ukanazisiya momwemo," anatero potsiriza. "Sunaname. Chinandiwawa n'choti sunandifunse. Ubwere Loweruka, amayi ako akuti waonda."

Foni itaduka, Charity anakhala pabenchi akulira mwakachetechete, mpaka kondakitala anam'gwira paphewa n'kufunsa m'Chibemba ngati akupita ku Kitwe.