Mwala wa Cleophus Tarpley

Loweruka lililonse Odessa Tarpley ankapita kumanda a tchalitchi cha Mount Nebo ndi thumba lotoleramo mabotolo. Maondo anali atamuthera, koma akanatuma ndani? Mlongo wake wamng'ono Cleophus, woimba gitala uja amene dera lonse la Mississippi ku America limamunyadira, anagona kumeneko, ndipo alendo ankabwera pamabasi, ena ochokera kutsidya kwa nyanja. Mwambo wawo unali umodzi: kumwako wisiki pang'ono, wotsalayo kuthira pamanda, botolo n'kulisiya pompo. Ati ndiwo ulemu umenewo, kwa munthu amene anaphedwa ndi mowa womwewo.

Zimenezo Odessa akanapirira. Chomwe chinkamudya mumtima chinali manda a mayi ake, oyandikana ndi a Cleophus. Kuti ajambule bwino mwalawo, alendo ankaima pamwamba pa mayiwo. Udzu unatha, dothi linatitimira, kamwala ka dzina lawo kanapendekeka. Odessa anamanga kampanda, alendowo anakalumpha. Anayesa kukalipa, koma anangomujambula nayenso n'kumufunsa ngati Cleophus ankakonda chigumu ali mwana. Odessa anatopa, kutopa kofika m'mafupa.

Tsiku lina atatuluka m'mapemphero anatsekereza a Dikoni Gaddis, oyang'anira manda. Iwo anayamba kukana asanamve n'komwe: zofukula munthu n'zakukhoti, ndipo ameya sangalole, popeza tauni yonse ikudyera dzina la malemuyo. Odessa anati mafupa sakuwafuna. Asunthe mwala wokhawo, auike kufupi ndi msewu kumene mabasi amaima. Alendowo sadzera mafupa, amadzera chithunzi.

A dikoni anavula chipewa n'kukanda dazi lawo. Anati kumsewuko kwatsala malo amodzi okha, pansi pa mtengo waukulu uja.

"Ndipo malowo ndi anu, achemwali. Munasankha nokha, munkati mukufuna mthunzi. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale, a dikoni."

"Ndiye inu, mayi wa kwaya, osalawako n'kadontho komwe chibadwire, muzikagona akukusambitsani wisiki? Mudzadzuka mukudzandira pa tsiku lachiweruzo."

Odessa sanaseke. Anakhala pa benchi ya pakhonde la tchalitchi, chifukwa kuima kunali kukumupweteka. Kuchokera pamenepo ankaona basi ina ikukhota, ndi anthu akutsika atanyamula makamera ndi mabotolo m'timapepala. Mnyamata wina wamtali anali atapondetsa kale jombo pamutu pa mayi ake, akubwerera chambuyo kuti mwala wonse ulowe m'chithunzi.

A dikoni anatsitsa mawu. Anafunsa kuti nanga tsiku lake likadzafika, dzina lake adzalilemba pati, poti pamalopo padzakhala pali kale la Cleophus.

"Musadzalembe paliponse," anatero Odessa, maso ali pa jombo ija. "Cleophus ameneyu ndinkamunyamula ali mwana m'munda wa thonje kuti amayi apumeko. Ndimunyamulanso."