Batani la Kunyumba

"Nanga ukakhudza apa, chimatani?" anafunsa mayi, chala chili m'malere pamwamba pa sikirini ya m'galimoto.

"Chimakufunsani komwe mukupita," anayankha mwana wawo wamkazi, yemwe anali pa chiwongolero. "Mukalemba malo, chimakulondolerani njira mpaka pakhomo."

Panali patapita masiku asanu chiikireni bambo m'manda. Galimotoyo anaigula miyezi inayi yokha mtima usanawagwetse kuntchito, ndipo mayi anali atakweramo kawiri basi. Tsikuli ankachokera ku ofesi ya malemu kosaina mapepala. Kumpando wakumbuyo kunali alamu awo, mng'ono wa malemu, atafungatira chipewa pamiyendo.

"Chimadya mayunitsi a foni?"

"Ayi, amayi. Mapu ali momwemo. Kadontho kabuluuka ndi ife."

"Ndiye chikutiona pano tili?" Mayi anakonza mpango kumutu ngati kwabwera mlendo. Mwanayo anaseka, koyamba chichitikireni maliro. "Nanga chimaiwala?" anafunsanso mayi.

"Sichiiwala. Konse komwe munthu anachituma chimasunga."

Alamu anatsokomola. "Zinthu zimenezi zimasokeretsa anthu. Tazimitsa, mwanawe. Ndiponso galimotoyi ndi bwino ikayambe yakhala kwa ine, mpaka mitima itakhala pansi. Ndikafufuta zonsezo."

"Taimani kaye, alamu," anatero mayi. Anali ataona kachithunzi ka nyumba pakona ya sikirini. "Ndione ngati chikudziwa kwathu."

Anakakhudza. Mawu a mzimayi anamveka, ofatsa, m'Chingerezi.

"Akuti tikhotere kumanzere," anamasulira mwanayo.

Kwawo kunali kumanja. Mayi anakhalako zaka makumi atatu, akanakafika ngakhale atatsinzina.

"Mwina akudziwa yachidule," anatero mwanayo, kenako anayang'anitsitsa manambala. "Koma akuti makilomita khumi ndi asanu ndi anayi. Kwathu sikupitirira asanu ndi limodzi."

"Ndanena kale kuti zimanama," anatero alamu.

Mayi anawayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Alamu maso anali pa chipewa, akuchipotokola ngati akuchifinya madzi.

"Tsata mawuwo," anatero.

Anadutsa pamalo ogulitsira matayala akale, nawoloka mlatho, nalowa msewu wafumbi wa nyumba zatsopano, zina zosapaka pulasitala. Mawu aja sanakayikepo ngakhale pamphambano imodzi. Mayi ankakumbukira maulendo a kuntchito a bambo, Lolemba mpaka Lachitatu, sabata ndi sabata, ndi malaya amene ankawasitira okha usiku wake.

"Akuti tafika," anatero mwanayo chapansipansi.

Anaima pa geti yobiriwira. Asanalize n'komwe hutala, getiyo inatseguka. Mzimayi wina anaikankha ndi phewa mozolowera, ngati munthu wodziwa kulira kwa injiniyo ali kukhitchini. Atakweza maso anauma pomwepo.

Mayi anamuzindikira. Pamaliro anakhala kumbuyo, akulira mosatulutsa mawu, ndipo alamu ananena kuti ndi wa kuntchito kwa malemu. Mayi anamugwira dzanja tsiku limenelo, namuthokoza chifukwa chobwera.

Mzimayiyo anayang'ana kumpando wakumbuyo. "Alamu," anatero.

Mayi sanatembenuke. "Zaka zingati?"

"Alamu, nkhani ngati izi sizikambidwa pamsewu," anatero mng'ono wa malemu uja.

"Ndafunsa zaka."

"Zisanu ndi ziwiri."

"Achemwali anu akudziwa?"

Alamu anapotokolanso chipewa chija.

"Amene ankandigwira paphewa kumanda aja? Amene ankati limbani mtima, munali ndi mwamuna?"

"Achimwene anatipempha. Ankati inu simungapirire. Tinkakutetezani."

"Munkadya kwanga Lamlungu, kuno mumadya liti?"

Mwanayo anatsamira pa chiwongolero n'kuyamba kulira. "Bambo aang'ono, ngakhale ine simukanandiuza?"

Mayi anamusisita pamsana, koma maso awo anali pabwalo. Panali posesa bwino. Pampopi sipankadontha madzi. Pakhonde panali mpando wansalu wolowa pakati, ndipo mayi sanafunikire kuuzidwa amene anaulowetsa. Anafunafuna mkwiyo wa pa mzimayiyo, sanaupeze. Wonse unali pa munthu amene sakanathanso kuyankha, ndi pa amene anali kumbuyo kwawoyo.

Mzimayi uja analowa m'nyumba, natuluka ndi kabokosi ka pulasitiki ka zipinda zisanu ndi ziwiri. Anafika pa windo, napereka ndi manja awiri.

"Anaiwala m'mawa wa tsiku lomwe lija. Ndinawaimbira, sanayankhe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulauzi. "Anali munthu wodzisamala. Ankati mapiritsi a kuthamanga kwa magaziwa amaikamo okha sabata iliyonse, masikuwo analembanso okha kuti asasokoneze."

Mayi analandira kabokosiko. Pa chivundikiro chilichonse panali kapepala komata, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, m'zilembo za mayi eni, zopendekera kumanzere, zimene aphunzitsi analephera kuziwongola mayi ali mtsikana. Anatsegula cha Lachiwiri. Mapiritsi awiri, loyera ndi lofiira, anali momwemo momwe mayi anawaikira.

Anatseka bwinobwino mpaka chinalira, naika kabokosiko pamiyendo.

"Alamu atsika pano, njira akuidziwa," anauza mwana wawo. "Iwe tembenuza galimoto. Ndikulondolera ndine."