Tsiku Lothena Kalinunda

"Kwezani mbali yanuyo, alamu! Mukunyamula ngati munagona ndi njala!"

A Zakale anakuwa thukuta lili chuchuchu. Anali atapisa mtengo pansi pa mimba ya ng'ombe yaikazi imene inagwa pakhomo pa khola. Iwo anagwira uku, mlamu wawo wa kubutchala anagwira uko, akazi awo akukoka mchira. Ng'ombeyo, imene ankaitcha Mayiwathu, inaimirira pang'ono miyendo ili njenjenje, kenaka inagwanso. Kamwana kake kofiira kanathamangira kumawere, koma munalibe kanthu.

"Iyi yatopa, alamu," anatero wabutchalayo akupukuta manja pathalauza. "Mukaisiya ifika madzulo ili mtembo, ndipo simupezapo ngakhale nyama."

"Inu ndinakuitanirani zimenezo? Ndinati mudzathene Kalinunda uyo. Mpeni wanuwo uzikuyabwani kubutchala kwanu komweko."

Kalinunda anali atamangidwa kale pamtengo wa pakona, akudya makoko a nyemba ngati nkhaniyo si yake. Kanali kankhunzi kakuda, kakafupi, ka linunda pamsana. Kanabadwa nkhunzi ya aneba itadumpha mpanda, ndipo a Zakale sanakakhululukire. Ankakatcha mwana wapathengo.

Mtima wawo wonse unali pa Bwana, chinkhunzi chofiira chopanda linunda chimene anachigula kutali zaka zimene mvula inkasunga pangano. Ana a Bwana ankatuluka akuluakulu, ndipo pa sikelo ya kubutchala anthu ankachita kuunjikana kudzaonerera. Nkhani iliyonse ya bamboyu inkayamba ndi mawu akuti "kale ife", n'chifukwa chake dzina la Zakale linawakakamira. Koma mvula inasintha mayendedwe. Inkabwera mochedwa, n'kugwa mwaukali, n'kuthawa msipu usanakhwime. Dzuwa likangokwera, Bwana ankaima pamthunzi lilime lili panja, nkhupakupa zitadzaza m'makutu, kudikira beseni la madeya ngati mlendo wolemekezeka. Ana ake ankavuta pobadwa, ndipo akabadwa ankayamwa amayi awo mpaka nthiti kuwerengeka. Chaka chimenechi awiri anali atafa kale.

"Bambo a kunyumba," anatero mayiwo atasiya mchira uja, "tayang'anani khola lonseli. Ndi iti imene ilibe nthiti panja?"

A Zakale sanayang'ane. Ankalidziwa yankho, ndipo mayiwo anadziyankha okha.

"Ndi mwana wapathengo yemweyo. Amadya zitsamba, amadya makoko, amayenda mpaka kuchitsime chakutali n'kubwera akudumpha. Mukamuthena lero, chaka chamawa ng'ombe zonsezi zidzaberekanso za Bwana. Ndiye tidzanyamula zingati ndi mtengo?"

"Mukufuna ndidzaze khola langa ndi timbuzi ta malinunda? Anthu adzati chiyani?"

"Anthu sanabwere kudzakoka mchira m'mawa uno."

Wabutchala anaseka, koma atakumana ndi diso la mlamu wake anasandutsa kusekako chifuwa.

"Inunso musaseke," anatero mlongo wake. "Si inu munkawapopa bambowa kuti nyama ya ana a Bwana ilibe inzake?"

"Ndinkanena zoona, achemwali. Panthawiyo udzu unkafika m'chiuno. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano akandibweretsera zofiirazi ndimangogula chikopa ndi mafupa. Timalinunda timeneti n'tochepa, koma timafika pa sikelo tikuyenda tokha."

A Zakale anagwada pafupi ndi Mayiwathu. Anaisisita pamphumi, pamene panali kabanga koyera. Iyi inali ng'ombe yoyamba kulowa m'khola limeneli, iwo akadali ndi tsitsi lakuda. Ana ake ndi amene anafolera nyumba ndi malata, ndi amene anaphunzitsa ana awo onse. Chaka chatha akazi awo anawachonderera kuti aipumitse, asaiperekenso kwa Bwana poti yakalamba ndipo msipu kulibe. Iwo anayankha kuti ng'ombe yabwino siipuma. Tsopano inkawayang'ana ndi maso olowa m'kati, ntchentche zikuizungulira.

Anayesanso. Anaibweretsera madzi m'ndowa, inangonunkhiza. Anaiikira madeya a Bwana pakamwa penipeni, inatembenuza mutu.

"Chitani," anatero potsiriza, osayang'ana munthu. Anatenga kamwana kofiira kaja n'kupita nako kuseri kwa nyumba kuti kasaone.

Atabwerera anapeza ntchito yatha. Mlamu wawo sanachitenso nthabwala. Anangowaitana ndi dzanja n'kuwaonetsa impso, zopanda ngakhale kachidutswa ka mafuta. Kenaka anathyola fupa la mwendo. M'malo mwa mafuta oyera a m'fupa munatuluka timadzi tofiirira.

"Inadzidya yokha kuti mwana ayamwe," anatero wabutchalayo motsitsa mawu. "Zinazo zikubwera m'njira yomweyi, alamu. Ine ndi wogula nyama, zikamagwa ndimapindula. Koma kuno n'kwa mlongo wanga."

Kuseri kwa nyumba kamwana kaja kankalira, akazi a Zakale akukakamiza kuti kayamwe botolo. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Wabutchala anatsuka manja, anatulutsa chothenera m'chikwama, n'kuloza pakona paja.

"Tiyeni timalize zimene ndinabwerera, dzuwa lisanatiphe. Mugwire miyendo yakumbuyo."

A Zakale anapita kwa Kalinunda. Anaima nthawi yaitali akukayang'ana kankhunziko: msana wosalala, khungu lowala, makutu oyera opanda nkhupakupa. Sanakakonde ngakhale pamenepo. Anawerama n'kumasula chingwe, ndipo Kalinunda anathamangira kwa zinzake akuponya miyendo m'mwamba.

"Bwezani chitsulo chanucho m'chikwama," anatero. "Ngolo yanu ija ikadalipo?"

"Ilipo. Ya nyamayi?"

"Nyamayi ikwera. Winayo ayenda pambuyo."

Mlamuyo anatsegula pakamwa, koma mlongo wake, amene anali atatulukira pakona botolo lili m'manja, anamupukusira mutu kuti akhale chete.

A Zakale anatola beseni la madeya limene Mayiwathu anakana lija, chingwe chili paphewa, n'kulunjika kumthunzi. Bwana atamva kulira kwa beseni anadzutsa mutu. Anabwera yekha mwaulemu wake wonse, monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kuweramitsa khosi kuti adye. A Zakale anamusiya amalize kaye madeya onse, kenaka anamukoleka chingwe.