Thobwa la M'chigubu Choyera

Wina asadzakunamizeni kuti Gertrude anali mkazi wauve. Ayi ndithu, pamenepo ndikhoza kukangana nanu mpaka mawa. Pamudzi wonse uja, kuseri kwa Sinda, panalibe wokwecha mapoto ngati iye. Ndipo chigubu chija sanangochitsukuluza mwaulesi. Anachitsuka katatu, koyamba ndi phulusa, kachiwiri ndi sopo, kachitatu ndi madzi otentha. Pepala lomata pamimba pake, lija lojambulidwa chigaza cha munthu, analikwecha ndi mchenga mpaka lonse linachoka.

Chinali chigubu cha mankhwala opopera thonje, choyera, cholimba, chivindikiro chake chotseka kuti gwa. Chaka chilichonse munthu wa kukampani ya thonje ankaima pansi pa mtengo wa mango n'kumalalikira kuti zigubu zikatha muziziboola n'kuzikwirira m'dzenje. Anthu ankavomera mwaulemu, "Tamva, abwana." Koma inu, ndani wamutu wake angaboole chigubu chabwino chotero? Ena ankasungiramo mchere, ena palafini, ena mafuta ophikira. Mwamuna wake Jailos anachiponya kuseri kwa nkhokwe Lachiwiri atamaliza kupopera, akuti adzakwirira akapeza mpata. Lachinayi Gertrude anachitola, poti chigubu chake chakale chinali chitayamba kudontha.

M'mawa wa Lachisanu mvula inakanganuka, dzuwa n'kutuluka lija loswa mutu la mu Febuluwale. Jailos analawirira kukapalira kumunda wa thonje. Dzuwa litakwera, Gertrude anathira thobwa lofunda m'chigubu chija, n'kuchiika m'dengu, ulendo wakumunda. Iye anali atamwa kale lake kunyumba, la mumphika.

Jailos anachilandira ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Anapendeketsa mutu n'kumeza osapumira, monga amamwera munthu amene wagwira khasu chiyambire m'mawa.

"Lero likuwawira kukhosi, amake Limbani," anatero akupukuta pakamwa. "Mwachulutsa chimera?"

"Mukadakana kumwa tikadamva," anayankha Gertrude akuseka. Jailos naye anaseka, n'kumwanso.

Mkazi uja anatsikira kumapeto kwa munda kukathyola nkhwani. Anathyola, anathyola, dengu lili pafupi kudzaza, kenako anazindikira kuti khasu lasiya kulira. Anaweramuka. M'mizere ya thonje munalibe munthu woimirira.

"Bambo a Limbani!"

Zii.

Anamupeza atagwada pakati pa mizere, atagwira pamimba, akusanza. Dovu linkangotuluka m'kamwa osaleka, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Minofu ya m'masaya inkaphiriphitha yokha. Atamudzutsa nkhope, Gertrude anaona maso a mwamuna wake atasintha, kakuda ka pakati kaja katachepa ngati kanjere ka mpiru.

"Sindikuona bwino," Jailos ananong'ona. "Kwachita mdima?"

Mayo ine! Dzuwa linali pamutu. Gertrude anatola chigubu chija n'kuchinunkhiza pakamwa pake. Pansi pa fungo la thobwa panali fungo lina, lija limatsalira m'malaya a munthu akachoka kopopera. Anachiyang'anitsitsa padzuwa. Chogwirira cha chigubucho chinali champhako, ndipo m'kati mwake munkaoneka mzere wachikasu umene phulusa ndi sopo sizinaufike. Thobwa lofunda lija, pokhuchumuka m'njira monse, ndi limene linautsuka.

Pamenepo anachita chinthu chimene ine sindimuweruza nacho, chifukwa mantha ndi oipa. Asanakuwe n'komwe, anakankhira chigubu pansi m'dengu muja n'kuchivundikira ndi nkhwani. Kenako ndiye anakuwa.

Muyenera kudziwa kuti Gertrude anali wa chitengwa. Kwawo kunali ku Vubwi, ndipo pamudzi pano aliyense, kuyambira wakhanda mpaka waimvi, anali m'bale wa mwamuna wake. Mkazi wobwera amene wamwetsa mwamuna mankhwala, ndani angamumvere zoti anatsuka katatu? Akanangomva mawu amodzi okha, akuti wamuthirira.

Anthu anathamanga kuchokera m'minda yoyandikana. Patsogolo panali a Esinati, mlongo wake wamkulu wa Jailos, mayi wa pakamwa posatopa amene mawu awo ankatha ngati lamulo pabanjapo. Atangoona dovu lija anamenya m'manja.

"Ndinanena ine! Ndinanena! Samuel uyu. Sabata yatha pa mkangano wa malire a munda, sanalumbire kuti thonje ili mlongo wanga sadzalithyola? Si izi? Mangani ngolo msanga, tipite naye kwa sing'anga kutsidya kwa dambo!"

Samuel mwiniwake, wa munda woyandikana ndi wa Jailos, anali pomwepo, khasu lili paphewa, kukamwa kuli yasa. Anayesa kulankhula koma anthu anamuyang'ana ndi maso oti anangobwerera chafutambuyo. Gertrude anaona zonsezo, koma za chigubu sanaulule.

Anamugoneka Jailos m'ngolo, mutu pamiyendo ya mkazi wake. A Esinati anakhala kumiyendo. Dengu Gertrude analipanikiza m'mbali mwake osalisiya. Ng'ombe zinayamba kuyenda m'matope, pang'onopang'ono ngati zikupita kodya. Pachifuwa pa Jailos pankamveka phokoso la madzi, kupuma kulikonse kukuvuta kuposa kwapita. Buluku lake linanyowa, ndipo a Esinati anamufunditsa chitenje kuti anthu asaone.

"Mwamupatsa chiyani m'mawa, alamu?" anafunsa a Esinati mwadzidzidzi.

"Thobwa chabe."

"Inu munamwa?"

"Ndinamwa."

Sanali kunama, komanso sanali kunena zoona, ndipo mtima wake unkadziwa. Patsogolo, kupitirira chulu chachikulu, panali mphambano. Njira ya kumanja inkatsikira kudambo kwa sing'anga. Ya kumanzere inkakwera ku kachipatala ka pafupi ndi msewu waukulu. Gertrude ankawerenga mitengo yotsala kuti afike pamenepo, akupempha Mulungu kuti wina, aliyense, anene mawu oti kuchipatala. Palibe ananena.

Mwini ngolo anakweza chikwapu, ng'ombe zinapotolokera kumanja. Nthawi yomweyo thupi la Jailos linagwedezeka, zala zake n'kukanirira pamkono wa mkazi wake, milomo itayamba kuda.

"Imani!" Mawu anatuluka okha. "Imani, imani! Si Samuel. Tembenuzani ng'ombe, tipite kuchipatala!"

"Mwapenga, alamu?"

Gertrude anakhuthula nkhwani zonse m'ngolomo n'kutukula chigubu m'mwamba kuti aliyense achione, ngakhale amene ankatsatira pambuyo wapansi. "Ndi cha mankhwala a thonje ichi. Ndinathiramo thobwa. Ndine, alamu, ndine. Mundichite chimene mufuna, koma tipite kumanzere."

Panalibe amene anakuwa. Bwenzi zili bwino akanakuwa. A Esinati anamuyang'ana, kenako anauza mwini ngolo motsitsa mawu kuti, "Tembenuza." Njira yonse yotsalayo sanamulankhulenso. Anasendera n'kuchotsa mutu wa mlongo wawo pamiyendo ya Gertrude, n'kuuika pa yawo.

Kuchipatala anapeza namwino wachitsikana wa ku Katete, wolankhula chinyanja cha m'tauni. Atangotsegula chikope cha Jailos anafuula kuti amuvule malaya amulowetse m'kati.

"Ni poizoni iyi. Amwa chani? Kambani fasiti, amai!"

Gertrude anapereka chigubu. Namwino anachitembenuza uku ndi uku.

"Lebo ili kuti? Pepala ya dzina ya mankhwala?"

"Ndinakwecha."

"Munakwecha! Manje nizadziwa bwanji ine?" Anachinunkhiza, n'kukwinya nkhope, n'kuyang'ananso maso a wodwala. "Chabwino, niyesa na zimene niona. Mupemphere kuti ni yamene niganiza. Ngati ni inangu, ambulansi yochoka ku Katete siizamupeza."

Chitseko chinatsekedwa. Gertrude anakhala pansi pakhonde, payekha, poti abale onse anakaunjikana pansi pa mtengo, misana atalozetsa kwa iye. Pawindo ankaona namwino akubaya jakisoni, kudikira, kumvetsera pachifuwa, kubayanso wina. Anawerenga mpaka asanu, kenako anasiya kuwerenga. Ankangomvetsera kupuma kuja. Kukamveka, iye ankapuma. Kukaduka, naye ankaumira pomwepo, manja ali pamutu. Sanaganize za kuthamangitsidwa pamudzi, kapena za ana. Ankangoti asafe, asafe ndi thobwa langa.

Dzuwa litapendeka, namwino anatuluka akupukuta thukuta. "Chifuwa chauma. Apuma bwino manje. Mawa tizamutuma ku chipatala chikulu, koma aoneka azakhala. Afuna madzi, mumupatse pang'ono chabe, yonyowetsa pakamwa."

A Esinati ananyamuka, koma Gertrude anali pafupi ndi khomo ndipo analowa ndiye. Jailos anali chigonere, nkhope itatuwa, botolo la madzi a m'mitsempha likulendewera pambali. Anamuzindikira mkazi wake. Anayesa ngakhale kumwetulira.

Gertrude anatenga kapu ya chipatala, anaitsuka pampopi, anaitsukanso, n'kutungira madzi. Anagwada pambali pa bedi n'kumudzutsa mutu.

"Imwani, bambo a Limbani."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munthu uyu anakhala akulandira chilichonse cha m'manja mwa mkazi wake, chotentha, chozizira, chopsereza, osayang'ana n'komwe. Lero kapu itafika pamlomo anaima. Sanachite dala. Anangoweramitsa mphuno pang'ono n'kununkhiza madziwo.

Kenako anamwa.