Supuni ya Mankhwala a Makoswe

Lizzie ankasamalira makoswe oyera m'kanyumba ka kafukufuku ku Highlands. Dokotala Sitali ankawabaya jekeseni yoiwalitsa, kenako ena n'kuwamwetsa madontho atsopano oletsa kanthu ka mu ubongo kamene kamafafaniza zokumbukira. Akawaponya m'thanki ya madzi, omwa madonthowo ankasambira molunjika kukakwera pakathabwa kobisika. Enawo ankangozungulira.

Kunyumba, bambo ake a Lizzie, a Eston, nawonso anali atayamba kuiwala. Munthu amene anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu ankasochera pakati pa msika wa Malota ndi khomo lake lomwe.

Lachitatu Lizzie anapungulira mankhwalawo m'kabotolo n'kubisa m'chikwama. Anaganiza monga amachitira pasikelo ya kuntchito: khoswe dontho limodzi, ndiye kuti munthu wamkulu supuni yodzaza. M'mawa mwake anathira mu tiyi. Bambowo anamwa yense.

Cha m'ma teni koloko, ali kuntchito, Lizzie anatsegula khola n'kupeza khoswe amene dokotala anamuwonjezera mlingo ali kwala chammbali, dovu kukamwa, timiyendo tikunjenjemera.

"Ba Lizzie, lembani nthawi," anatero a Sitali mosatekeseka. "Apa ni pamalire. Tikapitilirako, mtima uyenda pang'onopang'ono, basi waima."

"Nanga munthu?"

"Munthu ni khoswe mukulu, kansi?" anaseka. "Thupi yathu sichotsa mankhwala musanga monga ka aka. Mungamupaye."

Cholembera chinagwa m'manja mwa Lizzie. A Sitali anamuyang'ana, kuseka kuja n'kutha.

"Mwapasa ndani?"

"Batate."

"Bwanji?"

"Supuni. Mu tiyi."

A Sitali sanakalipe. Anatsegula kabati, natenga jekeseni ndi kabotolo ka mankhwala opha mphamvu ya madonthowo.

"Za nchito tizakamba. Kwelani mu motoka."

Njira yonse Lizzie ankaluma chala. Pafupi ndi msika, ngolo ya makala inatseka msewu, ndipo iye anatsika n'kuyamba kuthamanga.

Anapeza bambo ake atagwa pakhonde, malaya atanyowa ndi thukuta, masanzi pambali. Anaopa kuwakhudza. A Sitali atafika anagwada, nagwira pamkono kwa nthawi yaitali, maso ali pawotchi.

"Mtima ugunda. Gwilani mutu."

Anabaya. Patapita kanthawi, a Eston anakoka mpweya wautali n'kutsokomola.

"Tiwanyamule," anatero a Sitali. "Ku chipatala muzakamba mweka vamene mwawapasa."

Lizzie anavomera ndi mutu, nagwira bambo ake m'khwapa. Anali opepuka kuposa mmene ankaganizira.